Ndikalankhule chiyani pamanda a mnzanga wa ku Air Wing?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 67, msilikali wopuma, ndimakhala ku Zomba. Ndinali makaniko wa ndege ku Air Wing, ndipo kumeneko ndi komwe ndinapalana ubwenzi ndi mnzanga wina wa ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Usilikali tinalowa chaka chimodzi, tinkagona chipinda chimodzi tisanakwatire, ndipo pa ukwati wanga mboni anali iyeyo. Ndege za Dornier zija tinkazidziwa mpaka kabawuti komaliza. Iye anali ndi khutu: injini ikangolira, ankanena pomwe pavuta tisanamasule chilichonse.

Mu 2011, tonse titapuma, mwana wanga anasankhidwa kupita ku koleji ine ndilibe kalikonse. Mnzangayo anandikongoza K120,000 yomwe ankasungira malata a nyumba yake. Sitinalemberane. Ndinati ndibweza ndikakolola. Chaka chinatha, chinanso chinatha, manyazi anandigwira mpaka ndinayamba kuthawa foni yake. Iye sanandikumbutsepo. Chaka chatha anadwala, anatumiza uthenga woti akufuna kundiona, ine n'kumati ndipita ndikapeza ndalama ija. Anatisiya ndisanapite.

Kumaliro ndinafika, koma ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Atafunsa ngati alipo woyankhula m'malo mwa anzake a kuntchito, ndinangozolika. Tsopano mayi amasiye andiimbira kuti mu November kuli Misa ndi kudalitsa chiliza, ndipo akuti ndikalankhule ineyo chifukwa malemu sankagona osanditchula. Za ngongole ija zikuoneka kuti sakuzidziwa. Tulo sindikuona. Ndipite? Ndikanene chiyani? Ndikaulule pagulu?

Msilikali wopuma, Zomba

Bambo anga,

Pepani ndi imfa ya mnzanuyo. Kupita mupite, koma musadikire November. Ku Nzama kukufunika maulendo awiri, ndipo woyambawo ndi wa mwezi uno, wopanda gulu, wopanda chinkuzamawu, m'thumba muli kanthu.

Chikukusowetsani tulo si mawu okalankhula ayi. Munthu amene munagona naye chipinda chimodzi simungasowe chomunenera. Pakamwa panu patsekedwa ndi ngongole, ndipo ngongoleyo sinalowe naye m'manda. Akuluakulu anati mlandu suwola. Boma nalo likunena chimodzimodzi: lamulo la chuma cha masiye lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2011 limaika patsogolo mkazi, ana ndi onse amene ankadalira malemu, ndipo ndalama yomwe munthu anakongoza ena ili m'gulu la chuma chake. Timafulumira kuloza chala achibale onyamula mbale ndi mabulangete maliro asanazizire. Koma wokhala chete ndi ngongole yomwe amasiye sakuidziwa nayenso akudya zawo, kungoti akudyera kumbali. Ndalankhula mopweteka dala, chifukwa kalata yanu ikuonetsa kuti si inu munthu wotero ndipo simukufuna kufa muli wotero.

Tsono musakanyamule K120,000 n'kumati mwabweza. Ndalama ya 2011 si ya lero. Kwacha inachepetsedwa mphamvu mu May 2012, inachepetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnzanu anachotsa denga la nyumba yake n'kukupatsani. Kumbukirani malata angati akanagulidwa ndi ndalama ija nthawi imeneyo, mufunse mtengo wa malata omwewo lero, ndiye mudziwa kukula kwa ngongole yanu. Ndikudziwa kuti penshoni singakwanitse zimenezi kamodzi. Tengani zomwe mungathe, zotsalazo mugwirizane kuti muzipereka zingati pamwezi, ndipo ulendo uno mulemberane. Mwana wanu uja anaphunzira ndi malata a eni ake. Ngati ali pantchito, muuzeni nkhani yonse, aikepo dzanja lake.

Musapite nokha. Mwamuna kukalowa yekha m'nyumba ya mayi wamasiye ndi envulopu m'manja, mudzi umapeka nyimbo yake dzuwa lisanalowe. Tengani mayi akunyumba. Pemphani kuti pakhale mwana wamkulu wa malemu ndi mwini mbumba, ndipo ngati banjalo lingafune, wapampando wa mphakati wawo kapena akatekisiti akhale mboni. Ndalamayo ilowe m'manja mwa mayiwo ana akuona, osati kupatsira wachibale wokumana naye pamsewu. Muitchule dzina lake lenileni. Musati chipepeso, musati kangachepe ka sopo. Munene kuti: malemu anandikongoza, ndinachedwa kubweza, ndinalakwa, ndabwera nayo.

Pena ndimaseka nawo amuna akamati mkazi sakudziwa. Mayi amene anadikira malata, mvula n'kugwa kangapo akutchera mabeseni m'nyumba, angalephere kufunsa komwe ndalama inapita? N'kutheka ndithu kuti akudziwa zonse, ndipo foni yomwe anakuimbiraniyo ndi njira yawo yokutsegulirani chitseko. Akakati zisiyeni, malemu anakhululuka kale, muthokoze mogwada, koma musabwerere nayo ndalamayo ku Zomba. Simenti ya chiliza ikufunika, fizi ya mdzukulu ikufunika.

Za kulephera kukamuona akudwala, sindikunamizani: imeneyo ilibe kobwezera. Idzakupwetekani nthawi ndi nthawi. Chokhacho ndinganene n'chakuti munthu amene anakhala zaka zoposa khumi osakukumbutsani ngongole sakanayambira pa mphasa ya matenda. Ankafuna nkhope ya mnzake. Ngati ndinu Mkatolika, mukudziwa komwe katundu wotere amatulidwa. Ngati muli ampingo wina, abusa anu alipo. Koma pamanda, pamaso pa khamu, ayi. Tsiku limenelo ndi la malemu ndi banja lake. Mukaulula pagulu, anthu adzabalalika akukamba za inu ndi K120,000, mnzanuyo ataiwalika pa chiliza chake chomwe.

Tibwere ku ulendo wachiwiri. Nzama si malo ongofikapo n'kuyamba kulankhula. Ansembe a chipani cha Montfort anafika pamenepo mu 1901, m'dziko la Inkosi Njobvuyalema, ndipo mishoni imeneyo ndiyo inakhala chiyambi chokhazikika cha mpingo wa Katolika m'Malawi muno. Kuyambira nthawiyo mpingo ndi ufumu zimakhalira limodzi pa mwambo uliwonse, choncho mukaimirira muyambe mwapereka ulemu kwa mafumu, kwa bambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo, kwa eni mbumba, kenako kwa mayi amasiye ndi ana. Kumeneko ndi kwa Angoni, mfunda ndi chinthu chachikulu. Mukamutchula malemu ndi mfunda wake musanatchule udindo wake wa kuusilikali, mudzaona akuluakulu akugwedeza mitu.

Mukatero muwapatse chomwe alibe. Anthu a kumudzi amamudziwa ngati mwana wa uje, mlimi, mkhristu wa mphakati wakuti. Zaka zake za ku Zomba anangozimvera patali, ndipo ambiri akamva kuti ankagwira za ndege amaganiza kuti ankaziyendetsa. Makaniko satchuka. Ndege ikatera bwino, m'manja amaombera woyendetsa. Amene anakesa usiku ndi sipanala, n'kusaina kuti ndege iyi inyamuke, palibe amamufunsa dzina. Auzeni ana ake kuti moyo wa anthu unkadalira siginecha ya bambo awo. Auzeni kuti nthambi ya ndegeyi, yomwe lero akuti Malawi Air Force, inayamba mu 1976 ndi thandizo la dziko la Germany, ndipo bambo awo anali m'gulu la Amalawi amene anaigwira idakali yanthete. Kenako nkhani imodzi yokha, ya khutu lija: tsiku lina lomwe anamva cholakwika mu injini ena nonse musanachione. Mukhoza kuwonjezera kuti anali munthu wopatsa, woti mnzake akavutika ankachotsa chake osawerengera, ndipo inu ndinu mboni. Mayiwo adzamva chomwe mukutanthauza, ena onse adzangomva chiyamiko. Mphindi zisanu zakwana.

Pali zina zoti muzisiye m'thumba. Zinsinsi za ntchito munalumbira kuzisunga, ndipo kupuma sikumasula lumbiro. Madandaulo a penshoni ali ndi mabwalo ake. Chachikulu n'ichi: ku Ntcheu bala la pa 10 June 2024 likadali laliwisi. Ndege ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima, amene anaikidwa ku Nsipe, m'boma lomwelo. Anthu akangomva kuti munali makaniko wa ndege zoterozo, adzakuzungulirani pa nthawi ya nsima kuti muwauze chomwe chinachitika. Inu munali mutapuma kalekale, ndipo simunapitire zimenezo. Muwayankhe mwaulemu kuti lero tabwerera mnzathu.

Musakaime nokha ngati mungathe. Fufuzani anzanu awiri atatu a nthawi imeneyo, kaya kudzera ku bungwe la asilikali opuma la VELOM kaya pa foni, musonkherane ya minibasi. November ndi mwezi womwe Akatolika amapempherera omwalira, ndiponso ndi mwezi womwe asilikali amakumbukira anzawo pa chipilala chachikumbutso cha ku Zomba. Chaka chino inu mukakumbukire wanu ku Nzama. Pomaliza mawu anu mutembenukire kuchiliza, mumuitane ndi udindo wake ndi dzina lomwe munkamutchula ku hang'ala, mumuuze kuti wagwira ntchito, apume, ndipo nonse muchite sawasha. Misozi ikabwera isiyeni, palibe adzakuchotsereni nyota.

Aimbireni mayiwo sabata ino. Muwauze kuti mwavomera kudzalankhula, koma mukubwera kaye ndi mayi akunyumba chifukwa muli ndi mawu ofunika kukambirana pakhomo. Mukabwerako mundilembere.

Azakhali