Nyama Ikasungunuka Magetsi Atazima, Musaiumitsenso

 Ndikudziwa kuti ambiri maganizo ali pa kugalauza ndi kusaka feteleza, koma lero za kumunda zidikire kaye. Ndikufuna ndiyankhule ndi inu oweta nkhuku za nyama, nkhumba ndi mbuzi, komanso inu a mabutchala ndi a chiwaya. Chaka chino ndaona ndalama zanu zikukwiriridwa m'dzenje. Chondiwawa kuposa pamenepo n'chakuti ndaonanso nyama yoyenera kudzenje ikulowa m'mimba mwa ana.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala sindingakuphunzitseni. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumafika madigiri 40 mpaka kupitirira. Za magetsi nazo mukuzidziwa. Ambiri mwa magetsi athu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi namasupuni zikatseka makina, tonse timagona mumdima. Mukukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho mlimi amene amadabwa magetsi akazima, ine ndimamudabwa iyeyo. Kuzima kwa magetsi muzikuwerengeratu m'bizinesi yanu, pamodzi ndi mtengo wa anapiye, katemera ndi chakudya.

Cholakwa chimene ndikuchipeza khomo ndi khomo ndi ichi. Magetsi azima tsiku lonse kapena masiku awiri. Nyama ya m'firiza yasungunuka, yafewa, yafunda, pansi padzaza madzi a magazi. Magetsi abwera, firiza yalira, nyama yaumanso gwa, ndipo mwiniwake akupuma n'kunena kuti yapulumuka. Siinapulumuke, abale anga. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Kumangotigoneka. Tonse timene tinaswana pa maola amene nyama inali yofunda tidakali momwemo, tikudikira tsiku limene wogula adzaitulutse.

Tizilomboti timaswana mwamphamvu pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60, ndipo kutentha kwa nyumba zathu m'chilimwe kuli pakati penipeni pa malire amenewa. Zinthu zikatiyendera bwino, kamodzi kamasanduka tiwiri pa mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: kachilombo kamodzi pa maola 7 kakhala kataswana kupitirira 2 miliyoni. Ndipo nkhuku imene mwaitumbula pabwalo siyamba ndi kamodzi. M'matumbo mwa nkhuku yooneka yathanzi mumakhala tizilombo monga Salmonella ndi Campylobacter, timene timapita pa mnofu mpeni ukangoboola thumbo.

Ndiye wina amandiyankha kuti, “Alangizi, moto umapha zonse.” Inu alimi a mtedza ndiyankhireni. Mtedza ukachita chuku, mukaukazinga poizoni wa chukuyo amachoka? Sachoka. Mukudziwa bwino, ndiye chifukwa chake mumausankha musanapite nawo kumsika. Nyama nayonso ili ndi vuto ngati lomwelo. Pali kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, kamene kamakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'zilonda za m'manja mwathu. Kakaswana m'chakudya chofunda kamasiya poizoni amene kuwiritsa sikumuwononga. Moto upha kachilomboko, poizoni atsala. Munthu adya nkhomaliro, dzuwa lisanalowe wayamba kusanza.

Ndikuuzeni za mayi wina wa m'dera limene ndimayendera, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1. Dzina sinditchula. Ndi mayi wakhama, ndipo ndinkamunyadira. Anatenga ngongole ku banki m'khonde, anagula anapiye, anatsatira ndondomeko ya katemera wa chitopa ndi gumboro osaphonya tsiku. Khola lake linali louma, utuchi wosinthidwa, moti ndinkapita ndi alimi ena kukaonera kwa iye. Nkhuku zinakwana masabata 6 zili zonenepa zosiririka. Amene analonjeza kudzagula anasintha tsiku. Inu oweta mukudziwa kuti nkhuku ya nyama ikadutsa pamenepo imayamba kudya phindu lako, makamaka soya ndi chimanga zikakwera mtengo. Mayi uja anaitana aganyu, anapha khola lonse tsiku limodzi, n'kuzipanikiza m'firiza zidakali zofunda mpaka chitseko kutsekeka movutikira.

Usiku womwewo magetsi anazima. Za pakati pa mulu zinali zisanayambe n'komwe kuzizira. Kutacha, mtima uli m'mwamba, anayamba kutsegula firiza pafupipafupi kuti aone ngati zili bwino, ndipo kutsegula kulikonse kunkatulutsa kuzizira kochepa kumene kunatsala. Magetsi anabwera tsiku lachiwiri. Anataya madzi ofiira aja, anapukuta, nkhuku zinauma. Patapita masiku anazigulitsa, zina kwa mnyamata wa chiwaya, zina kwa banja limene linali ndi chinkhoswe. Anthu anavina masana, usiku anali pamzere wa kuchimbudzi. Ana awiri ndi gogo wina anakagonekedwa kuchipatala, anawaika madiripi. Mwamwayi palibe anamwalira.

Nditapita kukamuona anandiuza akulira kuti, “Alangizi, ndinanunkhiza imodziimodzi, sizinkanunkha.” Ndinamuyankha kuti, “Mayi, ndikukhulupirirani. Koma tizilombo timene timanunkhitsa nyama ndi tina, timene timadwalitsa munthu ndi tinanso. Todwalitsato tilibe fungo, sitisintha mtundu wa nyama.” Ngongole anamaliza kubweza pogulitsa mbuzi zake. Koma chimene sanachipezenso ndi makasitomala. Mpaka lero pamsika paja anthu amadutsa benchi yake n'kukagula kwa wina. Mayi amene anapulumutsa nkhuku zake ku chitopa anagwetsedwa ndi firiza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye ndibwereze: nyama imene yasungunuka n'kufunda musaiumitsenso, ndipo mphuno yanu musaidalire.

Tsono muchite chiyani? Choyamba chimayambira kukhola. Chiweto chamoyo sichifuna magetsi. Gulitsani nkhuku zamoyo pamene mungathe, ndipo iphani zokhazo zimene zili ndi wogula lero kapena mawa. Musanagule anapiye dziwani kumene mudzagulitse. Ngati muli pakalabu, gawanani masabata, asamakhwime onse pamodzi. Nkhumba kapena mbuzi iphani m'mawa kwambiri kusanatenthe, mlangizi wa ziweto aiyeze, ndipo anthu akhale atalembetsa kale makilogalamu awo. Zam'kati monga chiwindi, matumbo ndi mapapo ndi zimene zimayamba kuwonongeka, choncho zimenezo ziphikidwe tsiku lomwelo. Nkhuku zopita m'firiza yambani mwaziziziritsa m'madzi aukhondo ozizira, iliyonse m'pepala lake, ndipo muziike pang'onopang'ono mosiya mpata kuti ziume msanga. Musaunjike zofunda.

Chachiwiri, magetsi akazima, chitseko chisatsegulidwe. Uzani ana, uzani ndi bambo a m'nyumba amene amafuna madzi ozizira. Firiji wamba yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola 4 okha. Firiza yodzaza ndi zinthu zouma kale imapirira pafupifupi maola 48, koma ikakhala theka imapirira maola 24. M'chipinda chotentha cha malata maola amenewa amachepa. Choncho mpata wotsala m'firiza mudzazemo mabotolo a madzi kuti aundane magetsi akadalipo. Magetsi akazima ifundeni ndi bulangete, akabwera muchotse kuti makina apume. Lembani pakhoma nthawi imene azimira, musamaganizire. Ngati mumachokapo, umitsani madzi m'kapu, muike ndalama yachitsulo pamwamba pake, musiye m'firizamo. Mukaipeza ndalamayo itamira pansi, dziwani kuti zonse zinasungunuka inu kulibe, ngakhale zikuoneka zouma.

Chachitatu, mukatsegula, gawani nyama patatu. Imene idakali yolimba kapena ili ndi timiyala ta madzi oundana mkati, imeneyo ikhoza kuumitsidwanso. Imene yasungunuka koma ikuzizirabe kwambiri mukaigwira, iphikeni nthawi yomweyo, idyedwe lero. Imene yafunda n'kukhala choncho kupitirira maola 2, kapena simukudziwa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji, imeneyo yatha. Musalawe. Musaitsuke ndi viniga kapena mandimu, musaibise mu tsabola ndi kale. Kumbani dzenje lakuya agalu asafukule. Ndipo chonde musapatse nkhumba zanu zotsalira za nyama ya nkhumba, chifukwa kachilombo ka chigodola kamakhala ndi moyo miyezi yambiri mu nyama yozizira, ndipo mungapsereze khola lonse ndi la mnansi lomwe.

Ndikudziwa kuti mawu oti tayani ndi owawa kwa munthu amene wadyetsa chiweto ndi ndalama za ngongole. Ena mwa inu mumandida nawo, mumati alangizi amalandira pamwezi, sadziwa kuluza. Nenani zimenezo, ndapirira zambiri. Koma ine ndimayenda m'makola mwanu, ndimaona thukuta lanu, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona mlimi akusinthanitsa mbiri ya zaka zambiri ndi nkhuku khumi zowonongeka.

Tifike pa kuphika kwenikweniko. Magetsi akazima tonse timathamangira mbaula kapena nkhuni, nthawi zambiri kutada. Moto wolilima umapsereza kunja, mkati muli mwawisi, ndipo mumdima diso limanamizidwa ndi kufiira kwa khungu. Dikirani makala agwire bwino asanduke khala. Dulani nyama tizidutswa ting'onoting'ono. Tengani tochi ya pafoni, mung'ambe ntchafu ya nkhuku pafupi ndi fupa. Pasakhale kufiira, ndipo madzi otuluka akhale oyera. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, pakati pa nyama pafike madigiri 75. Nyama ya nkhumba ipse mpaka mkati, ndipo mukaona timatuza toyera tonga timpunga mu mnofu, imeneyo si yodya, ndi ana a njoka za m'mimba. Ngati ndi yamsuzi, msuzi ubwate ndithu, osati kungofunda.

Pali chizolowezi china chowiritsa nyama pang'ono madzulo n'kuisiya mu poto kuti timaliza mawa. Lekani. Nyama yopsa theka, yovundikiridwa, usiku wotentha, ndi malo abwino kwambiri oswanira tizilombo. Mukayamba kuphika malizani. Phikani yokwana kudya, chifukwa yopsa nayonso isakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndipo masana otentha kwambiri ola limodzi lokha. Yotsala gawirani anansi idakali yotentha.

M'matauni magetsi akazima nthawi yaitali madzi a m'mipopi nawo amasiya. Pamenepo ndi pamene anthu amadula nkhuku yaiwisi, mpeni womwewo n'kudulira tomato ndi anyezi wa saladi osatsuka. Sungani ndowa ya madzi othira klorini kapena owiritsa. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire nyama komanso mutaigwira. Mbale imene munaikamo yaiwisi musaikemo yopsa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa mtengo wa manja osasamba, tisaiwale msanga. Ndipo mbaula isalowe m'nyumba yotseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene umagoneka banja lonse osadzukanso. Phikirani panja kapena pakhonde.

Apa ndiyamike agogo athu, pakuti iwo analibe firiji koma ankatha kusunga nyama. Ankadziwa kuwamba. Ndipo ndimanyadira amayi ena a m'dera langa amene abwerera ku luso limeneli. Akamva kuti magetsi avuta, sadikira kuti nyama ifunde. Idakali yabwino amailenga mizere yopyapyala, amachotsa mafuta, amaipaka mchere wokwanira, n'kuiika pa waya pamwamba pa moto wofatsa ndi utsi mpaka iume, yoti ukaipinda ithyoke. Amaisunga pouma, podutsa mphepo, posafika ntchentche, ndipo pofuna kudya amaiphikanso bwinobwino. Amayi amenewa chaka chino sanataye kanthu. Koma mvetsani: kuwamba n'kosungira nyama yabwino. Sikuchiritsa yowonongeka.

Wina m'banja akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza atadya nyama, mupatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, wokalamba kapena wodwaladwala, kapena mukaona magazi m'chimbudzi ndi kutentha thupi, thamangirani kuchipatala, musadikire kuche. Muuzenso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti afufuze kumene nyamayo inachokera ena asanadwale.

Khirisimasi ikubwera, maukwati achuluka, ndipo ndikudziwa kuti makola ambiri adzaza anapiye oti akhwime mu Disembala. Konzekani lero. Pezani ogula, gawani masiku ophera, dzazani mabotolo a madzi, sungani thumba la makala ndi mchere. Ndipo magetsi akabwera mutapeza nyama yafunda, musaiumitsenso, musaigulitse, musaiphikire ana anu. Amene muli ndi funso kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, alipo chifukwa cha inu.