Chikhomo cha mtengo wanthete

Pa Lamulungu lachitatu la Lenti m'Chaka C timamva fanizo la mkuyu wosabala (Luka 13:6-9). Mwini munda afuna kuudula, koma wolima apempha chaka chimodzi kuti akumbe m'mbali mwake ndi kuthirapo manyowa. Timakonda kulingalira za chifundo chake, n'kuiwala kuti pempholo linamusenzetsa ntchito ya khasu. Lero tiiyang'ane ntchitoyo.

Lenti imatipeza mitengo ili yongobzalidwa kumene. Kuno ku Britain, mitengo yogulitsidwa yopanda dothi kumizu imabzalidwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kwathu ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Tsiku lobzala pamakhala khamu ndi nyimbo. Mtengo koma umapulumuka kapena kufa m'miyezi yotsatira, anthu atabalalika.

Chikhomo ntchito yake ndi kugwira mizu kuti isagwedezeke, pakuti timizu tatsopano timaduka mtengo ukamasuntha m'dzenje. Thunthu lokha liyenera kuwerama ndi mphepo, chifukwa kugwedezekako ndiko kumalinenepetsa ndi kulilimbitsa. N'chifukwa chake chikhomo chikhale chachifupi, chofika gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mtengowo. Tichikhome mbali imene mphepo imachokera, kuno nthawi zambiri kum'mwera chakumadzulo, kuti mtengo uzikankhidwira kutali nacho, usamakhulike khungwa. Mbande zazing'ono sizifuna chikhomo n'komwe. Kwathu zimafuna mpanda wotchinga mbuzi.

Pomanga tigwiritse ntchito chinthu chofewa ndi chotambalala, monga mphira wa chubu cha njinga, osati waya. Apa ndi pamene ambiri okonda mitengo amaiphera. Kunsi kwa khungwa ndi kumene chakudya chopangidwa m'masamba chimadzera popita ku mizu. Mtengo ukamakula chingwe chili chomangika, chimalowa m'khungwa n'kutseka njirayo, ndipo mtengo umauma uli chiimire, wowongoka bwino. Amene tayendapo m'malo oimika magalimoto a masitolo akuluakulu taionapo mitengo yotere. Choncho tiziyendera chingwe kangapo pa chaka ndi kuchimasulako, ndipo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mizu itagwira, tizule chikhomocho. Mtengo womangidwa zaka zambiri umatalika uli wowonda, ndipo tsiku loumasula umagwa ndi mphepo yoyamba.

Wolima wa m'fanizo uja anayambira pa nthaka, ndipo anadziwa chimene anachita. Tipalire udzu mita imodzi kuzungulira mtengo, popeza udzu umalanda madzi msanga kuposa mizu yanthete. Tiphimbire ndi manyowa kapena masamba owola, koma zisakhudze thunthu, lingawole. Kukauma, ndowa yodzaza kamodzi pa sabata iposa kuwaza tsiku ndi tsiku, kumene kumakokera mizu pamwamba. Tizitero m'nyengo yotentha kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira.