NDEGE YOPINDA MAPIKO PA ULENDO WA PA MSEU

Tonse tidziwa kuti njira ya ndege iri m'mlengalenga. Koma ziripo ndege zina zazing'ono, zonyamula anthu awiri okha, zimene zitha kupinda mapiko ao monga icita nkhunda pogona, ndi kukwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto. M'phunziro lino tiona macitidwe ace a nchito imeneyi, ndiponso cifukwa cace eni ndege zotere aopa mseu koposa mitambo.

1. Ciyambi Cace

Pa 22 February 1925, Geoffrey de Havilland anaulutsa koyamba kandege kace kochedwa Moth pa bwalo la Stag Lane, pafupi ndi London. Kanali ka matabwa ndi nsaru, ka mapiko anai, awiri pamwamba ndi awiri pansi. Dzinalo ndilo la agulugufe a usiku, amene agoneka mapiko ao pambuyo akatera. Mapiko a Moth, otambasuka, anali pafupifupi mamita 9 kucokera nsonga ina kufikira inzace. Koma atawapinda, ndegeyo inacepa kufikira mamita 3, kotero kuti munthu anatha kuisunga m'shedi, kapena kukweza mcira wace kumbuyo kwa galimoto ndi kuikoka.

Musayese kuti kupinda mapiko kunaifoketsa. M'caka ca 1928 Lady Mary Bailey anauluka yekha pa Moth kucokera ku England kufikira ku Cape Town, ndipo mu 1930 Amy Johnson anafika ku Australia pa ndege ya mtundu womwewo.

Nzeru imeneyi inauka kaciwiri ku Idaho, m'dziko la America, kumene anapanga Avid Flyer mu 1983 ndi Kitfox mu 1984. Ndege izi azigulitsa zosamanga, m'mabokosi, ndipo wogula azilumikiza yekha kwao. Thupi lace ndi la mipope yopyapyala yacitsulo yokutidwa ndi nsaru. Kitfox yopanda anthu ndi petulo ilemera makilogalamu 200 kufikira 350, monga mwa mtundu wace. Ndiko kunena matumba a cimanga 4 kufikira 7.

2. Cifukwa Coyendera Pansi

Wina adzafunsa, "Nanga cinthu codziwa kuuluka ciyenderanji pa ngolo?" Zifukwa ziripo zitatu. Coyamba, nyumba zosungiramo ndege pa mabwalo ziri zocepa ndi za mtengo wapatali, cotero mwini aisunga kwao. Caciwiri, ndege yatsopano, kapena yoonongeka, siiloledwa kuuluka kufikira oyang'anira a boma ataiyesa. Cacitatu, ndege ikatera pa malo osayenera cifukwa ca bvuto la injini, njira yoicotsera pamenepo ndiyo mseu.

3. Kupinda Mapiko

M'kati mwa phiko liri lonse la Kitfox muli mitanda iwiri, wa patsogolo ndi wa pambuyo, ndipo pansi pace pali mcirikizo wocokera ku mimba ya ndege. Mtanda wa pambuyo ndi tsinde la mcirikizo zigwira nchito ya mahinji a citseko. Mtanda wa patsogolo ugwidwa ndi msomali umodzi wolimba. Mwini ayamba kucotsa cibvundikiro ca pamsana pa ndege, namasula timitengo tacitsulo toongolera zipsepse za mapiko. Atatero asolola msomali uja, ndipo phiko lizungulira pang'onopang'ono kufikira ligona m'mbali mwa mcira. Mapiko a mamita 9 kapena 10 asanduka katundu wosafika mamita 2.5 m'mimba mwace. Muyeso umenewu ndi wofunika, pakuti m'maiko ambiri lamulo siliola katundu woposa mamita 2.5 kapena 2.6 kuyenda pa mseu wopanda cilolezo capadera.

Petulo wa ndege izi akhala m'mapiko momwemo. Cifukwa cace amutsanula asanapinde, kuti angatayike pa tiziboo topumira, ndi kuti mapiko angalemerere mahinji ao.

4. Adani Atatu a pa Mseu

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Amisiri anapanga ndege kuti ipirire mphamvu ya mphepo yocokera kutsogolo, yofalikira pa phiko lonse mofanana. Pa mseu ikomana ndi mphamvu zina zimene sanaipangire.

Mdani woyamba ndiye kugwedezeka. Ngolo yonyamula galimoto iri ndi masipuling'i ouma, oyenera katundu wolemera. Kandege kopepuka sikatha kuwapinda, tsono dzenje liri lonse likamenya monga nyundo. Pa mseu wa dothi, mabauti amasuka, ndipo zitsulo zing'aluka pa mfundo zace mosaoneka. Ngolo yabwino iri ndi masipuling'i ofewa. Dziwaninso kuti mapiko akapindidwa, kulemera kwao kusamukira kumbuyo, ndipo kagudumu ka kumcira kasenza zoposa mphamvu yace. Cotero aika cocirikiza pansi pa mcira.

Mdani waciwiri ndiye mphepo. Kawirikawiri ndege ikwera pa ngolo cambuyo, mcira utaloza ku galimoto, ndipo mphepo iiomba kucokera ku mbali yosazolowera. Cipsepse ca kumcira cikasiyidwa comasuka cimenyeka uku ndi uku kufikira cithyoka. Ayenera kucimanga pakati pa timatabwa tofunda nsaru, namanganso mapiko ndi micirikizo yace, ndi pulopela, ndico cija cizungulira pa mphuno. Lole yaikuru ikapitirira, mphepo yace ikankha ngolo yonse, pakuti katunduyo ndi wamkuru koma wopepuka.

Mdani wacitatu ndiyo miyala. Kamwala kothawa pa gudumu la galimoto kaboola nsaru ya phiko monga mubvi. Ena afunditsa lona, koma lona wokupiza ndi mphepo akhula utoto ndi nsaru yomwe. Ngolo yokhala ndi makoma ndi denga ndiyo ipambana, ngakhale mtengo wace uli waukuru.

5. Kumanga ndi Kuyendetsa

Malamba amangidwa pa magudumu ndi pa miyendo ya ndege, osati pa mapiko kapena pa mipope yopyapyala ai. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa gudumu liri lonse aikako mphanda za mtengo. Katundu akhale motero kuti gawo limodzi mwa magawo 10 la kulemera konse litsamire pa cokolowekera ca galimoto. Likacepa, ngolo iyamba kupukusa mcira ndipo itha kugwetsa galimoto. Amene amanga matumba pa ngolo ya ng'ombe adziwa kale kuti katundu akacuruka kumbuyo, goli likwera pa makosi a ng'ombe. Lamulo lace ndi lomwelo.

Woyendetsa apite mofatsa, naime atayenda makilomita owerengeka kuti ayese malamba onse ndi dzanja, pakuti lamba watsopano alekerera. Akuru anati kuthamanga sikufika.

6. Nthawi Yoopsa Koposa

Ngozi yaikuru siikhala pa mseu, koma pa bwalo, potambasula mapiko. Ndege iri pansi, phiko lopanda msomali wace lioneka bwino lomwe. Timitengo toongolera tosalumikizidwa situluka mau. Colakwa cioneka ndege itanyamuka kale, ndipo pamenepo palibe poima kuti munthu akonze.

Cifukwa ca ici mwini wanzeru alemba zonse pa pepala, nawerenga mzere ndi mzere ngakhale anacita nchitoyo kambirimbiri. Aika msomali, naikanso kapini koutsekera. Agwedeza ndodo yoongolera, nayang'ana ngati cipsepse ciri conse ciyenda ku mbali yoyenera. Atsanula petulo pang'ono m'kapu kuti aone ngati mulibe madzi. Potsiriza aitana mnzace wodziwa kuti aone zonse ndi maso atsopano. Munthu akamdula pakati ndi nkhani, ayambanso poyamba.

Tsono inu owerenga, mukadzaona ndege yotere pa bwalo, imani patali. Musamfunse kanthu mwini kufikira atatsiriza, ndipo letsani ana kukhudza pulopela, pakuti nthawi zina injini itha kulira munthu akaizunguza ndi dzanja. Moyo wa anthu awiri upacikika pa msomali wosaposa cala canu.

Mafunso

1. Kodi ndege ya Moth inauluka koyamba caka citi, ndipo dzina lace licokera kuti?
2. Chulani adani atatu a ndege pa mseu.
3. Cifukwa ninji ngolo ya masipuling'i ouma iononga katundu wopepuka?
4. Kodi pa nchito zanu za pamudzi, ndi ziti zimene muyenera kuziyesa kawiri musanayambe ulendo?