Kwa mayi wa khanda ku Benoni

Zikomo mayi athu a ku Wattville, ku Benoni, chifukwa cha kalata yanu. Mwati khanda lanu lili ndi miyezi iwiri, ndipo mukufuna kulisokera chofunda cha zigamba za zitenje zomwe munachoka nazo kumudzi. Ganizo labwino zedi, mayi. Kumeneko mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa.

Yambani mwachapa zigambazo, pakuti chitenje chatsopano chimakhala chouma ndipo chimatulutsa utoto. Pakati pa chofundacho ikani nsalu yopepuka ya thonje. Mabatani ndi mikanda ayi, mwana angameze. Sokani pang'onopang'ono akagona, ngakhale zigamba zinayi patsiku, ndipo mukamaliza werengani singano ndi mapini anu onse. Inunso muzigonako, thupi lanu likadali lanthete.

Koma apa ndimvetseni bwino. Chofundacho muzimuyalira masana kapena kumufunditsa ali kumsana. Usiku mwana agone chagada, nkhope ili poyera, osamuunjikira zofunda zolemera. Mbaula yamakala isagone m'chipinda chotseka, utsi wake umapha mwakachetechete. Chofundacho chikatha mutilemberenso, mayi.