Getsi la kamera pageti: swichi ya pakhoma isalidulire moto

Eni nyumba ena mu Lusaka, ku Roma, ngakhalenso ku Kabulonga ndi Woodlands, ayamba kuika pageti kapena pakhonde getsi lokhala ndi kamera. M'chipangizo chimodzichi muli nyali yowala kwambiri, kamera, ndi kadiso kozindikira chilichonse choyenda. Munthu akayandikira mpanda getsi limayaka, kamera imajambula, uthenga nkufika pafoni kudzera pa Wi-Fi. Ring, Eufy ndi TP-Link ndi ena mwa makampani opanga zipangizozi. Vuto limayamba pamene wamagetsi wachotsa babu lakale nkulumikiza chipangizochi pa waya womwewo wodzera pa swichi ya pakhoma. Kukacha wina amazimitsa swichiyo monga mwa nthawi zonse, osadziwa kuti wazimitsanso kamera, ndipo tsiku lonse geti limakhala lopanda woliyang'anira.

Langizo lathu ndi lakuti chipangizochi chizilandira moto usana ndi usiku, ndipo swichi ya pakhoma ikhale yongotumiza lamulo loyatsa kapena kuzimitsa nyali. Swichi wamba ntchito yake ndi kudula waya wa moto wa mavoti 230, choncho siingasiyanitse nyali ndi kamera. Wamagetsi alumikize mawaya awiri a kuseri kwa swichiyo kuti moto uzidutsa osaima, kenako musankhe imodzi mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi batani la batire lomata pakhoma, lopanda waya. Yachiwiri ndi kachipangizo konga ka Shelly kobisika kuseri kwa swichi yakale, kotcheredwa kuti kasamadule moto koma kazingotumiza uthenga. Zambiri zoterezi zimafuna waya wa neutral, umene m'nyumba zambiri sufika pa swichi, ndiye wamagetsi ayambe watsegula nkuona. Musanagule funsaninso ngati batanilo ndi kamerayo zimamvana, chifukwa zina zimangogwira ndi za kampani yawo.

Wina anganene kuti foni ilipo kale, swichi ndi yachiyaninso. Koma nyumba simukhala munthu mmodzi. Agogo, ana, wothandiza ntchito pakhomo ndi alonda onse amafuna kuwala, ndipo si onse amene mungawapatse akaunti ya kamera yanu. Galu akauwa pakati pa usiku, dzanja limafika msanga pakhoma kusiyana ndi kufufuza foni mumdima. Nchifukwa chake ndi bwino kusankha batani lolamula nyali kudzera pa netiweki ya m'nyumba momwemo, kuti intaneti ikavuta nyali iziyakabe. Ena amadandaula za mayuniti, poganiza kuti chinthu chosazimitsidwa chimadya ndalama. Kamera payokha imadya moto wochepa, wonga wa babu limodzi la LED. Imene imadya kwambiri ndi nyali, ndipo imeneyo ndiyo swichi yanu izilamulabe.

Funso lolemera ndi la kuzima kwa malaiti. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, madzi anachepa ku damu la Kariba, ndipo pambuyo pake kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa malaiti maola oposa theka la tsiku. Kamera ya moto wosaduka ingathandize chiyani pamene motowo kulibe? Yankho lake ndi lakuti usiku wa mdima wotere ndi umene kamera imafunika koposa. Ngati muli ndi inverter kapena sola, uzani wamagetsi aike kamera pamodzi ndi router pa mzere wa batire. Mukaiwala router, uthenga sudzafika pafoni ngakhale kamera ili yoyaka.

Ntchitoyi ipatseni wamagetsi wodziwa, wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo ayambe wazimitsa moto pa bokosi la mabureka, pamene muzidzazimitsiranso chipangizochi chikafuna kukonzedwa. Kamera iloze pabwalo ndi pageti panu, osati m'mazenera a oyandikana nawo. Wamagetsi asanachoke, yesani muli pamodzi: dinani swichi kuti nyali izime, kenako tsegulani foni. Ngati geti likuonekabe, mlipireni. Ngati chithunzi chasowa, moto ukudukabe pa swichi, ndipo abwerezenso ntchitoyo.