Kuyezetsa Khansa ya Prostate: Musakomoke ndi Nambala Imodzi

Prostate ndi kachiwalo ka abambo, kokula ngati suku, komwe kali kunsi kwa chikhodzodzo. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Khansa yake ikamayamba siipweteka kawirikawiri, n'chifukwa chake madokotala amayeza m'magazi chinthu chotchedwa PSA, chomwe prostate imapanga. Koma kuyezaku kumangokodola, sikugamula mlandu. Nazi njira zoti mutsate.

1. Dziwani nthawi yanu. Abambo ambiri amayamba kukambirana ndi dokotala za kuyezetsa akafika zaka 50. Ife akhungu lakuda, komanso amene bambo awo kapena mchimwene wawo anadwalapo, tiyambe pa zaka 45. Ku Britain, mwa amuna akuda 4 alionse mmodzi amapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8.

2. Konzekerani tsikulo. PSA imakwera ndi zinthu zambiri zosakhudza khansa. Kwa masiku awiri musanapereke magazi, pumulani nkhani za kuchipinda ndiponso kupalasa njinga mtunda wautali, akabaza, mwamva? Ngati mkodzo ukuwotcha chifukwa cha matenda, chirani kaye, padutse masabata 6. Ngati mumamwa mankhwala a finasteride, nenani, poti amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka.

3. Musachite manyazi ndi chala cha dokotala. Amavala magolovesi, n'kupisa chala kotulukira chimbudzi kuti amve ngati pali chotupa cholimba. Mphindi imodzi siikwana. Komabe chala chimangofika kumbuyo kwa prostate, choncho pachokha sichikwanira.

4. Imveni bwino nambala. Zipatala zambiri zimayamba kukayikira PSA ikapitirira 3 kapena 4, malinga ndi msinkhu. Koma mwa amuna 4 amene PSA yawo yakwera, pafupifupi atatu sapezeka ndi khansa. Ambiri prostate imangokula ndi ukalamba, n'kumawadzutsa katatu usiku kukataya madzi. Nayonso nambala yotsika si chikalata cha ufulu: kafukufuku wa ku America wa mu 2004 anapeza khansa mwa amuna 15 pa 100 alionse omwe PSA yawo sinapitirire 4.

5. Ikakwera, bwerezani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha masabata angapo yezetsaninso. Ikakhalabe pamwamba, dokotala angakutumizeni kukajambulidwa ndi makina a MRI, kumene alipo, kenako kukachotsa tinyama ta prostate ndi singano kuti akatipime. Kupima tinyamati ndiko kumatsimikiza ngati ilidi khansa.

6. Ikapezeka, funsani ukali wake musanathamangire mpeni. Khansa zina za prostate zimakula pang'onopang'ono moti munthu amakalamba nazo osamuvuta, ndipo dokotala amangoziyang'anira poyeza pafupipafupi. Zina n'zolusa, zimafuna opaleshoni kapena chithandizo china msanga. Walira mvula walira matope: opaleshoni ikhoza kusiya mkodzo ukudontha kapena mphamvu za m'banja zitachepa. Pitani ndi mayi akunyumba, mukamvere limodzi.

Koma mukaona magazi mumkodzo, mkodzo ukatsekeka, kapena msana ndi chiuno zikamawawa osaleka, musadikire zaka 45, ndipo musangoti ndi likodzo. Pitani kuchipatala lero lomwe.