Mayi Emmie Chanika: Namwino Amene Sadangomanga Bala

PHUNZIRO LA MWEZI UNO

Amayi anzanga, ife anamwino timaphunzitsidwa kuti bala likabwera pamaso pathu tisathamangire kulimanga. Tiyambe tafunsa chimene chalibweretsa. Munthu akapsa ndi mbaula timamupaka mankhwala n'kumulangiza za moto. Nanga mayi akabwera kachitatu ndi diso lotupa, nthawi zonse akuti wagunda chitseko, timulangize chiyani? Phunziro lathu lero ndi la mayi wina wa kuno ku Blantyre amene adalondola funso limeneli mpaka pa gwero lake.

Adali yani?

Mayi Emmie Chanika adabadwa m'chaka cha 1956 ndipo adatisiya m'mwezi wa Julayi 2022. Adaphunzira unamwino, nagwirapo ntchito ku bungwe la Red Cross. M'chaka cha 1992 adakhala m'gulu la anthu amene adayambitsa bungwe la Civil Liberties Committee, lomwe ambiri timalidziwa kuti CILIC, ndipo adalitsogolera zaka zambiri. Ili lidali limodzi mwa mabungwe oyambirira enieni omenyera ufulu wachibadwidwe m'dziko muno.

Achinyamata sangamvetse kuti 1992 idali nthawi yotani. Udali ulamuliro wa chipani chimodzi. Munthu ankatha kutengedwa usiku n'kusungidwa zaka popanda kuonekera kukhoti. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi athu mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yodzudzula kupanda chilungamo, ndipo Ambuye James Chiona ndi anzawo adaopsezedwa koopsa. Mwezi wa Meyi, sitalaka yomwe idayambira ku fakitale ya David Whitehead idafalikira mumzinda, anthu ambiri nafa. Imeneyi ndiyo nyengo imene mayi wovala yunifolomu ya unamwino adasankha kuyankhula poyera.

Pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, boma latsopano lidakhazikitsa komiti yofufuza za imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi: a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, amene adafera ku Mwanza mu 1983. Mayi Chanika adali m'komitiyo. Boma lakale lidati anthuwa adafa pa ngozi ya galimoto. Komiti idapeza kuti adachita kuphedwa.

Ufulu umayambira pakhomo

Zipani zitachuluka, ena adaganiza kuti nkhondo yatha. Mayi Chanika adaona kuti mantha adachoka m'misewu koma m'nyumba zambiri adatsalamo. N'chifukwa chake mawu awo ankamveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'nyuzipepala akudzudzula nkhanza kwa amayi ndi ana, komanso mavuto a akaidi m'ndende.

Mavuto amenewa sitikuchita kuwamva kutali. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri, tonse taonapo mayi wamasiye akubwerera kuchokera kumanda n'kupeza achibale a malemu atayamba kale kuwerenga mipando. Taonapo mtsikana wa Sitandade 7 atapatsidwa mimba ndi munthu wa m'nyumba momwemo, akuluakulu n'kumati tikambirane pachibale, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo ife amayi, pa chilangizo cha ukwati, timanena tokha kuti banja ndi kupirira. Kupirira umphawi ndi matenda limodzi ndi mwamuna wako, inde. Koma kupirira zibakera kwaika amayi ambiri m'manda, ena ali ndi pakati. Mayi woyembekezera akamenyedwa pamimba, nsengwa imatha kulekana ndi chiberekero nthawi isanakwane. Amataya magazi ambiri, ndipo mwana ndi mayi yemwe akhoza kufa.

Malamulo amene alipo tsopano

Kulimbikira kwa anthu ngati Mayi Chanika ndi mabungwe ena ambiri kudathandiza kuti dziko likhale ndi malamulo awa:

Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Khoti likhoza kupereka chiletso choteteza wozunzidwa kuti womuzunzayo asamuvutitsenso.

Lamulo la 2011 la chuma cha masiye. Kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Ngati munthu wamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana.

Lamulo la 2015 la maukwati, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017. Munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja ngakhale makolo atavomereza.

Koma lamulo likangokhala m'buku silingatseke chitseko pamene olanda katundu afika ndi lole. Pamafunika munthu wolidziwa, woima pafupi ndi wamasiyeyo.

Zimene ife tingachite

Choyamba, kuona ndi kufunsa. Mnzathu akasiya kubwera kumphakati, kapena akamavala duku lophimba nkhope, timuyendere. Timufunse tili awiri, osati pagulu, ndipo zimene watiuza zisakhale nkhani ya pamjigo.

Chachiwiri, kufulumira. Munthu wogwiriridwa apite kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP. Ngati n'kotheka asasambe kapena kuchapa zovala asanaonedwe ndi achipatala, chifukwa umboni umachoka ndi madzi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi.

Chachitatu, kulemba. Kuchipatala timati chimene sichidalembedwe sichidachitike. Lembani tsiku, nthawi ndi zimene mwaona. Sungani bwino lipoti la kuchipatala, mtchatho wa ukwati ndi mapepala a puloti.

Chachinayi, kuperekeza. Mayi wamantha akapita yekha ku Victim Support Unit ya kupolisi amatha kubwerera pageti. Awiri a ife tikamutsagana amalowa. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi yathu angatithandizenso kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Mayi Chanika sadali loya kapena nduna. Adali ndi maso a namwino ndi mtima wosalola kukhala chete. Zimenezi ngakhale ife tili nazo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Luka 18:1-8. Kodi mayi wamasiye uja akadakhala wa m'dera lathu, ndani akadamuperekeza kwa woweruza?
2. Ndi mawu ati amene timanena pa chilangizo cha ukwati amene angachititse mtsikana kubisa nkhanza? Tingawakonze bwanji?
3. Maliro akagwa mumphakati mwathu, ndi amayi ati awiri amene adzakhale pafupi ndi wamasiye mpaka nkhani ya katundu itatha?